Mfundo ya pa Chitenje cha Amai

Atate anali mmisili womanga nyumba, koma anthu a ku Nyimba amawakumbukila chifukwa cha zinthu zimene anaimika m'mbali mwa msewu waukulu, kutsogolo kwa nyumba yathu. Simenti ikatsala ku ntchito ankabwela nayo m'kathumba, n'kupinda mawaya, n'kuumba chilichonse chimene chawabwelela m'mutu. Panali njovu ya miyendo ngati mitondo, ng'ona ya mano a mbale zosweka, ndi wapolisi wokweza dzanja amene ankapondetsa mabuleki madalaivala achilendo. Ine zinkandichititsa manyazi kusukulu. Amai ankangoti, "Asiyeni, bola sakumwa mowa," n'kumagulitsa nthochi zao pakati pa njovu ndi wapolisiyo.

Amai anamwalila nthawi yokolola, ine ndili kale mphunzitsi ku Petauke. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye malo amene tinakulila anali a banja la amai. Mkazi akamwalila, abale ake amadikila masabata angapo, kenako amakumana kuti agawane zovala za malemu ndi kusudzula mwamunayo, ndiko kumumasula kuti abwelele kwao. Kwao kwa atate kunali ku Nyampande, kumene anachoka asanamele ndevu.

Tsiku la msonkhanowo ndinatsika basi m'mawa, n'kuona amai atakhala pamalo pao pa masiku onse, lichelo la nthochi lili pamiyendo. Ndinayandikila. Anali a simenti. Nkhope sinafanane kwenikweni, mphuno inakula, koma mapewa aja, ndi mmene ankapendeketsela mutu wogula akamanenelela mtengo, zinali zao ndithu.

Ine mtima wanga ndi wapafupi, ndinatengela amai omwewo. Ndinawapeza atate akutsuka makasu ao omangila, ndipo moni sindinapeleke.

"Atate, amai mwawasandutsa chidole cha pamsewu, ngati wapolisi wanu uja?"

Sanadzutse mutu. Anati, "Ine mailo kukacha ndikupita, mwana wanga. Ndinafuna kuti iwo atsale."

Masana akazi anayala zovala pamphasa. Amai aang'ono, mng'ono wao wa amai, anafunafuna n'kunena kuti chitenje chimodzi palibe, chobiliwila cha maluwa achikasu, chimene amai ankavala popita ku Minga pa masiku aakulu a tchalitchi. Amai anali atawalonjeza chimenecho ali m'chipatala. Atate sanabise. Anati anachiviika m'simenti ya madzimadzi n'kuchikulunga pa chiboliboli chija, ndipo chinaumila pomwepo.

Amalume, mkulu wa onse m'banja la amai, anayankhula motsitsa, koma aliyense anamva. Anati chovala cha malemu sichitsala m'manja mwa mwamuna, ndipo munthu amene tinamugoneka m'manda sangakhalenso pamsewu kumamwa fumbi la malole. Analowa m'kanyumba ka zida n'kutulukamo ndi nyundo ya atate yomwe. Ndinene zoona, ine ndinali mbali ya amalume. Ndinkafuna chiphwanyidwe, chifukwa sindikanatha kutsika basi n'kumaona amai amene sangandiyankhe.

Tonse tinapita kumsewu. Atate anaima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Pamudzi pamene anakhala zaka zonsezo analibenso mau.

Amai aang'ono anapempha kuti ayambe aona chitenje chao. Anagwada n'kuyendetsa zala m'mapindo ouma aja. Maluwa ankaoneka pang'ono pansi pa simenti. Dzanja lao litafika m'chiuno linaima.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndi mfundo," atate anayankha.

"Zaka zonsezi mwakhala nao, simunaone kuti akulu anga samanga mfundo? Amapinda n'kupisila kumanzele. Inu mwawamanga ngati thumba la chimanga."

Wina anaseka pang'ono, n'kusiya. Atate anayang'ana chipewa chao.

"Ndinayesa, alamu, koma chimangomasuka. Sindinawaonepo akuvala. Masiku onse ankadzuka ine ndisanadzuke."

Amai aang'ono anakhala chogwada nthawi yaitali, misozi ikugwela pa lichelo la simenti. Kenako anaimilila, n'kumasula chitenje chimene anavala pamwamba pa dilesi. Anachizungulitsa m'chiuno mwa chiboliboli, n'kuchipinda, n'kuchipisila kumanzele, n'kusalaza ndi chikhatho monga ankachitila amai.

"Alongo, ikani nyundoyo pansi," anauza amalume. "Simungamenye munthu wovala chitenje changa."

Amalume anayang'ana nyundo, n'kuyang'ana mlongo wao wotsalayo. Anaipeleka kwa atate, mpini uli kutsogolo, ndipo tinabwelela kumphasa kukamaliza mwambo.

M'mawa mwake atate anakwela basi ndi thumba la zida. Ine ndinawanyamulila katundu mpaka pamsewu, koma ndinangoti, "Muyende bwino." Ku Nyampande sanaumbenso kanthu. Anamwalila patapita mvula ziwili.

Njovu ija inathyoka chitamba, wapolisi anagwa atagundidwa ndi ngolo, koma amai akadali pamalo pao. Amai ena ogulitsa nthochi amakhala pambali pao, ndipo apaulendo amatsika kudzajambulitsa. Dzuwa ndi mvula zimadya nsalu msanga, ndiye chaka chilichonse mvula ikatha amai aang'ono ankabwela ndi chitenje china. Tsopano miyendo yawakana, ntchitoyo anandisiyila ine.

Ndimabwela Loweluka, ndimachotsa chakale, ndimapukuta fumbi m'mapewa. Ndikamapisila chatsopano kumanzele, zala zanga zimagunda mfundo ya atate, yolimba, yokhota, yomangidwa ndi munthu amene anayesa kambilimbili. Mau aja a chidole cha pamsewu sindinawapepese. Ndimaigwila mfundoyo kanthawi, kenako ndimaiphimba.