Ndinamuletsa Madzi Mng'ono Wanga

Kwathu ku Mulanje madzi sasowa. Amatsika m'phiri chaka chonse, ndipo pochoka kunyumba za kampani ya tiyi, komwe tinkakhala, tinkawoloka mitsinje iwiri tisanafike kusukulu. Komabe mng'ono wanga anakomoka ndi ludzu, ndipo wochititsa ndinali ine.

Ndinali Sitandade 5 pamene iye ankayamba Sitandade 1. Kanali kamwana kamanyazi, kozolowera Chilomwe cha amayi, Chichewa chongogwiragwira. Tsono kusukulu kwathu kunali lamulo lakuti wofuna kupita kuchimbudzi aimirire, apemphe m'Chingelezi. Mwana woti Chichewa chikumuvuta, Chingelezicho akachitenga kuti? Anapirira masabata awiri. Sabata lachitatu anadzikodzera pomwe anakhalapo, kalasi yonse ikuona.

Ana ndi ankhanza, inu! Pofika nthawi yopuma anali atamupekera kale nyimbo, ndipo nyimboyo inandipeza kukalasi kwathu, dzina langa lilimo. Ine ndinali mtsikana wodzimva, woyamba pa mayeso, wosafuna kusekedwa ndi aliyense. Poweruka ndinamukokera m'munda wa tiyi, nditamugwira khutu.

"Kuyambira mawa, madzi ayi," ndinatero. "Ukadzuka usamwe, panjira usamwe, kusukulu usamwe. Uzimwa tikabwerera. Ukangowauza amayi, uziyenda wekha."

Anagwedeza mutu. Ine ndinadziona wanzeru zedi.

Mmawa tinkadya chinangwa chootcha, chouma gwa, iye n'kumeza choncho. Tikafika pamtsinje anzathu ankawerama n'kumamwa ndi manja, iye ataima pamwala, akuyang'ana kumbali. Mwezi wa Okutobala, dzuwa litakwiya, ankandigwira diresi.

"Achemwali, pang'ono pokha. Ndingonyowetsa pakhosi."

"Ukufuna akuimbenso? Tiye!"

Sanadzikodzerenso, zimenezo n'zoona. Koma milomo inayamba kung'aluka, mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, m'kalasi ankangosinza. Aphunzitsi ake anamusamutsira kumbuyo, amvekere mwanayu mutu wake ndi wouma. Ndinazimva, koma sindinaganize n'komwe kuti ndi madzi aja. Ndinangoti ndili ndi mng'ono wopusa.

Kenaka kunabwera uthenga wakuti akuluakulu a chipani adzafika, ana tonse tikonzekere nyimbo. Masiku amenewo nkhani yotere munthu sunkafunsa kawiri. Tinaima pabwalo kuyambira mmawa mpaka dzuwa paliwombo, masiku atatu otsatizana. Tsiku lachitatu, tili mkati moimba, ndinamva phokoso kumzere wa ana aang'ono. Mng'ono wanga anali atagwa chafufumimba, thupi lili moto, osatuluka thukuta ngakhale dontho.

Kuchipatala cha kampani adokotala anamutsina khungu la pamkono, khungulo n'kukhala chiimire. Anafunsa amayi kuti, "Mayi, mwanayu amamwa madzi?"

Amayi zinawapweteka. "Bambo, mtsinje uli kuseri kwa nyumba. Ndingamumane madzi mwana wanga ine?"

Mng'ono wanga anali atatsitsimuka. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Sananene kanthu, nanenso sindinanene. Ndinkaopa mkwapulo wa abambo, basi. Mkwapulo chabe!

Anagona masabata awiri, chifukwa anapezekanso ndi matenda a m'chikhodzodzo, omwe ankabisa. Atachira, abambo anagamula kuti sukulu yamukana mwanayu: kusinza, kulephera, tsopano kukomoka. Akhale pakhomo azilera khanda lomwe linali litangobadwa, amayi akapita kothyola tiyi. Ndinali pomwepo akunena zimenezi, ndikusita yunifolomu yanga. Mawu ochepa akanakwana kumubwezera kusukulu, koma ndinapitiriza kusita.

Analera khandalo, analera linanso, kenaka anabereka dengu nayenso n'kulowa m'mizere ya tiyi. Ine ndinapitirira mpaka ndinakhala mphunzitsi.

Zaka zonse zimene ndinagwira choko, pakona ya kalasi yanga pankakhala mtsuko ndi kapu. Ndinkaimitsa phunziro kuti ana amwe, ndipo wofuna kutuluka ankangotuluka, osapempha. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti ndatsegula resitilanti. Ankandiyesa wachifundo, osadziwa kuti ndi manyazi.

Ndinadzaulula tonse tili ndi imvi. Mng'ono wangayo anabwera kunyumba kwanga kuchokera ku Chitakale ndi kapepala ka kuchipatala, tinakhala pakhonde, ine n'kuyamba kufotokoza, misozi ili chuchuchu. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepuka. Iye anangondimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndimakumbuka, achemwali," anatero. "Koma inu ndinu munali anzeru. Ndinkati poti mwanena inu, ndiye kuti n'zoyenera."

Kenaka anandipatsira kapepala kaja, atakagwira chadodolido.

"Tandiwerengereni apa. Akuti ndizimwa kangati mankhwalawa?"