Korneta ya Amalume Bonifácio

Aliyense wa ku Mualadzi amene anatayapo mbuzi amawadziwa amalume anga, a Bonifácio. Tsiku la msika ankamangirira korneta yawo pa mtengo wa mango, pafupi ndi poima njinga zamoto, n'kuyamba kulengeza. Korneta ndi chimkuzamawu chachitsulo chija chooneka ngati duwa la dzungu. Yawoyo inali yotuwa, yopindika mlomo mbali imodzi. Anaitenga ku msasa wa Ukwimi, ku Zambia, kumene anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pothawa nkhondo. Kumsasako inali yoitanira anthu ku chimanga ndi mafuta, ndipo mtendere utabwera ndi yomweyo inawerenga mayina a okwera malole obwerera kwawo. Lole yomaliza itadzaza palibe anaikumbuka. Amalume anaimasula pamtengo, naikulunga m'bulangete, n'kukhala nayo pamiyendo ulendo wonse.

Kulengeza kwawo kunali ndi ndondomeko yake yosasintha. Ankayamba ndi maliro, kenako katemera wa ana, ogula chimanga, mbuzi ndi njinga zosowa. Zikatha izi ankatsokomola kamodzi n'kunena kuti:

"Carolina, mwana wa Bonifácio ndi Odeta, wa kuno ku Mualadzi. Ali ndi chipsera cha moto pa phazi lamanzere. Amene akumudziwa abwere pa mango pano."

Carolina anasowa m'chaka cha 1987 ali ndi zaka zisanu, tsiku limene anthu anathawira ku malire. Mayi ake, malemu a Odeta, ankayesa kuti ali ndi bambo ake, bambo ake ankayesa kuti ali ndi mayi ake. Amalume anamuitana choncho tsiku lililonse la msika kwa zaka zoposa makumi awiri, mpaka anthu anazolowera. Amayi ogulitsa tomato akamva dzinalo ankadziwa kuti dzuwa lafika pamutu, n'kuyamba kutsitsa mtengo.

Ine ndine Shyreen, mwana wa mlongo wawo amene sanakwere nawo malole aja chifukwa anali atakwatiwa ku Lusaka. Bambo atamwalira amayi anati tibwerere kwathu, kwathu kumene ine ndinali ndisanakuonepo. Ndinafika ndi pepala la zamakompyuta, Chinyanja cha ku Matero, ndi mtima wongoyang'ana msewu. A Josefina, ogulitsa zitumbuwa pansi pa mango womwewo, ananditcha Mzambiya tsiku loyamba lomwe. Ankati ndimalankhula ndi akuluakulu ngati kondakitala wa minibasi, ndimafunsa funso limodzi katatu ngati wapolisi. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka, koma ndinayamba kudziluma lilime.

Mvula ya chaka chimenecho inapha amplifikadoro yakale ya amalume, bokosi lopatsa korneta mphamvu. Anaitsegula, anainunkhiza, anasintha zimene akanatha kusintha, osadzuka. Zipangizo zake zinasiya kupezeka kalekale, ngakhale ku Tete. Ndiye m'mwezi wa Juni m'busa wina wa Ziyoni anawauza zinthu ziwiri. Msonkhano waukulu wa mpingo wawo uchitikira ku Mualadzi mu Ogasiti, ndipo kubwera anthu a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Mchinji. Komanso iye anamvapo, sakumbuka kwa ndani, za mayi wina wa mpingowo kumbali ya Katete amene analeredwa ndi anthu omutola panjira nthawi ya nkhondo, ndipo sadziwa kwawo.

Madzulo ake amalume anabwera kwathu ndi kabolodi kobiriwira kamene anachotsa m'televizawo yakufa. Anati analumikiza magetsi, katenthako pang'ono, koma kali duu. Anandifunsa ngati sukulu yanga ija inafikako ku zoterezi. Ankanditchula kuti inu, a enjenyera, ngakhale ndine mwana chabe wa mlongo wawo.

Kabolodiko kanali ndi tchipi yokuza mawu ya masiku ano. Zimenezi n'zosiyana ndi zakale zimene umangozipatsa magetsi n'kuyamba kulira. Tchipi yotere imakhala chete mpaka kompyuta iiuze, nambala ndi nambala, kuti dzuka, mawu akubwera motere, ukweze kufika apa. Kapulogalamu kouza zimenezo timakatcha dalaivala, ndipo kamakhala m'kati mwenimweni mwa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, mu kenelo, momwe ukalakwitsa chilembo chimodzi makina onse amangouma. Ndinali ndi kakompyuta kakang'ono ngati sopo kamene ndinatsala nako ku koleji, koma dalaivala wa tchipi imeneyi kanalibe. Panafunika kulemba.

Ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chifunde kukafuna netiweki yokwanira kukopera buku la tchipiyo, masamba zana limodzi ndi makumi anayi a Chingelezi. Kenako milungu itatu pakhonde la ofisina ya amalume, kanyumba kawo kokonzeramo zamagetsi, kuyambira dzuwa likagunda sola mpaka likachoka. Iwo ankakonza mawailesi a anthu pambali panga, akusuzumira mizere yoyera pagalasi lakuda la kompyuta. Nthawi zina ankafunsa kuti lero yati chiyani. Ndinkati yakana. Ankagwedeza mutu ngati ndawauza za wodwala amene akukana phala.

Sabata yoyamba tchipi sinkayankha n'komwe, chifukwa ndinali kuiitana pa nambala yolakwika. Yachiwiri inkayankha koma mawu osatuluka, ndinali kuidzutsa mawu asanayambe kuyenda ndipo inkabwerera kukagona. A Josefina akamadutsa ndi beseni lawo ankafunsa ngati Mzambiya wayamba kulemba kalata kwa azungu kuti atumize korneta ina. Lachinayi la sabata yachitatu kasipika ka wailesi kamene tinkayesera kanatsokomola, kenako kanatulutsa mawu a amalume oyera bwino. Iwo anaika maikolofoni pansi mofatsa, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi korneta ili m'bulangete lake.

Pa korneta zinthu zinasintha. Inkanena mawu atatu kapena anayi, amphamvu moti nkhuku zinkabalalika, kenako zii. Ndikayang'ana pagalasi ndinkapeza tchipi yadzitseka yokha ndipo yasiya uthenga wakuti magetsi akudutsa ochuluka kuposa muyeso. Ndinatembenuza korneta. Kumbuyo kwake kunali kachitsulo kodindidwa ku fakitale: maomu 16, ndiwo muyeso wa mmene waya wa m'kati umakanizira magetsi. Buku linkati tchipi imanyamula popanda vuto maomu akakhala anayi kapena kuposerapo, vuto limabwera akachepa. Mita yoyezera ya amalume inali ndi muvi wouma kuyambira chaka cha njala, ndipo ina ku Mualadzi kunalibe. Iwo amayeza ndi batire ya tochi ndi khutu.

Ku Lusaka ndikanatenga sikuludalaiva n'kutsegula. Koma korneta imeneyi palibe anaitsegulapo pamaso pa anthu, ndipo mawu a a Josefina anali adakali m'makutu mwanga. Ndinazungulira monga ndinaonera ena akuchitira.

"Amalume, kornetayi sinadwalepo?"

"Ikulankhula kuyambira inu musanabadwe," anatero, akupukuta mlomo wake ndi kansalu.

Ndinadikira. Sanawonjezere. Kufunsanso kukanakhala kunena kuti malume wako akubisa kanthu, choncho ndinatenga yankho lawo ngati ayi. Ndinati ndiye kuti tchipi ndi imene ikunama, mwina inavulala m'televizawo muja. Ndinawonjezera mizere isanu ndi umodzi mu dalaivala: tchipi ikadandaula, fufuta dandaulolo, idzutsenso nthawi yomweyo. Tinayesa, korneta inalankhula osadukiza. Tinkayesa mphindi imodzi yokha basi, posunga batire ya galimoto imene inkayendetsa zonsezi.

Msonkhano unafika. Malole anatsitsa anthu a mikanjo yoyera ndi malamba obiriwira mpaka bwalo la mpira linadzaza, ena n'kumanga misasa ya maudzu m'minda yokolola. Akuluakulu a mpingo analola amalume kuti alengeze Loweruka masana, ng'oma zikapuma, koma anawapatsanso mapepala awo: mayina a mipingo yonse imene yabwera, kotunga madzi, ana osochera. Korneta tinaimangirira pa mango womwe uja, moyang'ana bwalo. Ine ndinakhala pa njerwa, kompyuta pamiyendo.

Anayamba ndi maliro monga mwa nthawi zonse. Mawu anafika mpaka ku malole, ndinaona mitu ikutembenuka kutali. Koma pagalasi panga mizere inayamba kutsika, dandaulo lomwe lija, limodzi pa sekondi iliyonse, kenako awiri, ndipo mizere yanga isanu ndi umodzi inkafufuta lililonse mokhulupirika. Ndikanazimitsa kuti zizizire, ng'oma zikanayambanso ndipo mpata ukanatha. Ndikanatsitsa mawu, a ku malole sakanamva. Ndinawakoka malaya.

"Amalume, yambani ndi Carolina."

Anatseka maikolofoni ndi dzanja. "Anthu atipatsa bwalo lawo. Tiyambe ndi zathu?"

Anawerenga mipingo makumi awiri ndi itatu, uliwonse ndi dzina la m'busa wake. Anawerenga za madzi, za mwana wovala juzi yofiira. Fungo linayamba kubwera, ngati la tsitsi lopsa. Mawu anasasa. Anali pa mbuzi ya a Mateyo, yaikazi, yoyera ndi khutu lodulidwa, pamene korneta inalira kamodzi ngati chitseko chadzimbiri n'kukhala chete. Kautsi kochepa kanatuluka kumbuyo kwake.

Amalume anagogoda maikolofoni kawiri. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pagalasi, pomwe tchipi inali kunena tsopano kuti kutsogolo kwake kulibe kanthu. Anaika maikolofoni m'thumba, natsokomola kamodzi, n'kuitana Carolina ndi pakamwa pokha. Ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wachifuwa chopyapyala. Amene anamva ndi ogulitsa tomato okha, amene akhala akumva kwa zaka zonsezi. Asanafike pa chipsera ng'oma zinayamba.

A Josefina anavundikira beseni lawo ndi chitenje n'kuimirira. "Mzambiya, dzuka. A Ziyoni savala nsapato popemphera. Maso uli nawo."

Tinalowa m'khamu, iwo mbali ina ine mbali ina, mitu pansi, kuyang'ana mapazi amanzere a amayi. Mapazi anali mazanamazana, onse oyera ndi fumbi, akuzungulira motsatira ng'oma, mikanjo ikuwaphimba ndi kuwavundukula. Ndinaimitsa amayi atatu. Wina chinali chipsera cha khasu, wina anali wamng'ono kwa ine, wachitatu anandifunsa mwaulemu ngati ndikudwala kuti andipempherere. Tinafunsa a ku Katete za mayi wotoledwa panjira. Ena anati anamvapo, koma ndi wa ku Sinda. Ena anati anamwalira. Ena anati otoledwa nthawi imeneyo ndi ambiri, mukunena uti. Lamulungu masana malole ananyamuka.

Lolemba amalume anayala thumba pakhonde n'kutsegula korneta ine ndikuona. Anatulutsa bobina, kozungulira ka waya kamene kamagwedeza mawu. Inali yakuda bii. Sinali ya ku fakitale. Waya wake anali wonenepa, wa m'koyilo ya njinga yamoto, wokulungidwa ndi manja pa pepala la thumba la simenti. Anati ya ku fakitale inapsa m'chaka cha 1998. Kuyambira pamenepo anaikulunga okha kasanu ndi kamodzi, ndi waya aliyense amene wapezeka, ndipo waya wopyapyala anasiya kupezeka. Ndinawerengera mumtima. Maomu awiri, mwina atatu. Amplifikadoro yakale ija inali yofooka, sinkatha kuiwotcha. Yanga inali ndi mphamvu.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munabwera ndi buku la masamba onse aja," anatero. "Ndikanati chiyani? Kuti m'katimu muli pepala la simenti?"

Ndinawauza kuti tchipi inandiuza, kambirimbiri, ndipo ine ndinailembera lamulo loti ikhale chete. Anafunsa ngati inanena m'Chingelezi. Ndinati m'manambala. Anagwedeza mutu, natembenuza bobina ija m'manja. Bobina akanakulunga ina, koma kutentha kunasungunulanso kambale kopyapyala komwe imamatirirapo, ndipo kameneko sikapangidwa ndi manja. Ndinatumiza chithunzi chake kwa anzanga a ku Lusaka. Mmodzi anayankha kuti zoterezo anaziona ku nyumba yosungira zakale.

Mizere isanu ndi umodzi ija ndinaifufuta tsiku lomwelo, ndipo dalaivala tsopano amagwira bwino ntchito pa kasipika ka wailesi, kamene mawu ake amafika pa beseni la a Josefina n'kuthera pomwepo. M'busa uja akuti msonkhano wotsatira uchitikira ku Zambia, ndipo kuno udzabweranso pakapita zaka zinayi kapena zisanu. Amalume anamva, nawerenga zala.

Tsiku la msika amapitabe pa mango. Korneta amaimangirira pamtengo ngakhale ilibe mawu, akuti anthu adziwe poima. Maliro ndi mbuzi amanena okha kwa amene wayandikira. Akafika kumapeto amatsokomola n'kundiyang'ana, chifukwa chifuwa changa n'chatsopano. Ndimakwera pa njerwa n'kuitana msuweni wanga amene sindinamuonepo, ndi Chinyanja changa cha ku Matero. Sabata yatha mawu anga anafika kwa ogulitsa tomato, ndipo mmodzi anayang'ana kumwamba kuti aone dzuwa.