Tayala Lakumanzere

Bambo anga anayendetsa lole yonyamula simenti mpaka maso awo atayamba kuchita chidima. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa m'manja mokhakhala, ndipo nthano sankadziwa ndi imodzi yomwe. Koma akabwera ku ulendo, malemu mayi ankawakankhira kuchipinda kwathu. "Kagonetseni ana anuwo, ine anditopetsa."

Ankalowa atanyamula chivundikiro cha poto n'kukhala kumiyendo kwa bedi lomwe ndinkagona ndi mng'ono wanga. Chivundikirocho ndiye chinali chiwongolero. Asanalize injini yapakamwa ankayamba ayesa matayala: ankagogoda mapazi athu ndi chala, limodzilimodzi. Phazi langa lakumanzere silinkalephera kupezeka ndi mlandu. "Ili laphwa, Kondakitala," ankatero, n'kulipopa mondigirigisha mpaka misozi. Kenako ulendo unkayambika. Tinkawoloka mlatho wopapatiza, kuima pamalo omwera tiyi pomwe mwini wake ankaumira shuga, n'kuyamba chitunda chofuna giya yoyamba. Kumapeto sitinafikeko ndi kamodzi komwe, chifukwa tulo tinkatigwirira pachitundapo.

Chaka chino, sukulu zitatsekera m'nyengo yotentha, mng'ono wanga anati tiwatenge bambo tikadutse nawo msewu weniweni wa ulendo uja, womwe ankayendamo ndi lole. Poyamba ndinakana. Bambo anayamba kale kuiwala: anayamba ndi makiyi, kenako njira yakunyumba, kenako ine. Ndine ndimakhala nawo, kuwachapira ndi kuwapatsa mankhwala, koma amandithokoza ngati mlendo: "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni." Mng'ono wangayo, wobwera mwa apo ndi apo, ndiye amamutchula dzina. Zimandipweteka, sindibisa. Ndinkangofuna atandidziwa kamodzi kokha, koma ndinkaopa kukawotcha mafuta n'kubwerera ndi chisoni chomwecho.

Tinanyamukabe. Ndinkayendetsa ndine, bambo ali pambali panga, mng'ono wanga ali kumbuyo ndi ana ake awiri omwe ankalimbirana zenera. Dzuwa linali likuswa mtengo. Mlatho wopapatiza uja tinapeza anaugumula n'kumanga wina wotakasuka. Pamalo omwera tiyi paja pano akugulitsapo mafoni. Bambo ankangoyang'ana manja awo.

"Mukukumbukira pano, bambo? Nanga apa?" mng'ono wanga anafunsa mpaka ndinamukalipira.

"Asiye iwe, si mayeso awa."

Pamwamba pa chitunda injini inatentha, ndiye tinaima pansi pa mtengo kuti izizire. Ana anathamangira kumthunzi. Bambo anatsika okha ndi ndodo yawo n'kuyamba kuzungulira galimoto, akugogoda tayala lililonse ndi kutchera khutu. Atamaliza anafika pomwe ndinaima ine. Anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenako ndodo ija inagogoda nsapato yanga yakumanzere.

"Ili laphwa, Kondakitala."

Mng'ono wanga anagwira pakamwa.

"Lipopeni, bambo," ndinatero.

Anaseka kuseka kwawo kwakale, kogwedeza mapewa. Ndinalira poyera, mzimayi wamkulu ndithu, ana akundiona.

Titakweranso ndinafulumira kufunsa, chifukwa ndinkadziwa kuti nthawi yondikumbukirayi ndi yochepa. "Bambo, kodi ulendo uja unkathera kuti?"

"Ukanadziwa bwanji iwe, wokonda tulo?" anatero. "Yendetsa, ndikuonetsa."

Koma tikutsetsereka, mutu wawo unatsamira pazenera ndipo anagona. Ndinauza ana kuti akhale chete. Ndinayendetsa pang'onopang'ono, ndikuzemba dzenje lililonse, mpaka msewu unagawikana pawiri. Sindinadziwe kolowera, choncho ndinaima pambali kudikira.

Atadzuka anakonza kolala ya malaya awo n'kundiyang'ana mwaulemu.

"Mumayendetsa bwino, mayi," anatero. "Anakuphunzitsani ndani?"

"Bambo anga," ndinawayankha.