Ntchito Ina Iliyonse

Pa fomu ya akuluakulu ofuna kukathandiza ku msasa wa masikauti a mayiko ambiri panali funso lalifupi: muli ndi luso lanji? Pansi pake anasiyapo mizere isanu. A Chingwe, amene anasamalira pasukulu ina ya pulayimale kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, kukonza zitseko ndi mipopi mkati mwa sabata ndi kuphunzitsa masikauti Loweruka, anayankha ndi mawu atatu. Amene ankalemba pafoni anali mwana wawo wamkazi, namwino, atakhala pamkono wa mpando.

"Apa ndilembe chiyani, ababa?"

"Lemba kuti ntchito ina iliyonse."

"Inuyo? Nanga nsanja zonse zija? Nanga mlatho uja unawolotsa ana dzinja lonse?"

"Ndiyambe kudzitama pa fomu ngati ndikufunsira mbeta? Akandiona adziwa."

"Kompyuta ilibe maso, ababa."

"Lembani zimene ndanena, amayi."

Dzina la Chingwe anawapatsa ndi ana a sukulu, chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa kachingwe. Luso lawo linali lomanga mitengo popanda msomali: nsanja, milatho, zipata, zonse zoima ndi zingwe zokha. Koma chaka chimenecho nyamakazi inali italowa m'zala. Dokotala sanabise. Anati pakatha chaka kapena ziwiri zalazo sizidzathanso kukoka mfundo. Choncho ulendowu unali ndi cholinga chimodzi, chimene banja lonse linkachidziwa ngakhale mwini wake sanachitchule: kumanga nsanja imodzi pa bwalo la zomangamanga la msasawo, pamodzi ndi ana a mayiko ena, manja asanatseke.

Msasawo unali kutsidya kwa nyanja, mzinda wa matenti, wokhala ndi misewu yake, chipatala chake ndi ana oposa zikwi makumi atatu. Odzipereka ankagona kumapeto kwenikweni, kuseri kwa malo oimikapo malole. Tsiku lofika aliyense ankalandira baji yopachika m'khosi, ndipo mtundu wa lamba wake ndiwo unkanena ntchito. Wa a Chingwe unali wobiriwira: zimbudzi ndi mabafa, gawo lachisanu ndi chimodzi. Palibe amene anawalakwira. Kompyuta inali ndi ntchito zimene anthu sazipempha, ndiponso anthu amene sanapemphe kanthu, ndipo inangolumikiza ziwirizo.

Mnzawo pa ntchitoyo anali a Dalaivala, bambo wonenepa woyendetsa basi, amene chiphaso chake chinapezeka kuti sichigwira ntchito m'dzikolo. Awiriwo anali ndi zimbudzi makumi awiri ndi zinayi, mabafa khumi ndi awiri, paipi imodzi yothothoka polumikizira, ndi pepala lokhomedwa kukhomo losainapo maola awiri alionse.

"Ine anandilanda basi," anatero a Dalaivala tsiku loyamba, akuvala magolovesi. "Nanga inu, madala, munapalamula chiyani?"

"Ntchito ndi ntchito, achimwene."

"Ee, muzinena choncho. Tiona Lachinayi."

Njira yochokera ku matenti awo kupita ku zimbudzi inkadutsa m'mbali mwa bwalo la zomangamanga. M'mawa uliwonse a Chingwe ankaima pa mpanda, ndowa ili m'manja. Pakati pa bwalo panali nsanja yaitali ngati nyumba yosanja, ndipo mnyamata wovala chisoti chachikasu ankaphunzitsa ana akuwerenga papepala. Anawo ankazunguliza chingwe pa mitengo iwiri yopingasa, koma sankachibweza pakati pa mitengoyo kuti chikhwime. Chingwe chomangidwa motero chimaoneka bwino pa chithunzi, koma sichinyamula munthu. A Chingwe ankaona zimenezi tsiku ndi tsiku, namadabwa kuti nsanjayo sikugwa.

Tsiku lachitatu anapita ku ofesi ya odzipereka, tenti yoyera yokhala ndi matebulo anayi ndi fani yaikulu. Anaima pamzere ola lathunthu. Atafika kutsogolo anapereka moni kwa mayi wa pa tebulo, nafunsa za ulendo wake ndi za kwawo. Mayiyo, amene anali atamva madandaulo makumi asanu chim'mawa, anayankha mwaulemu, chala chili pa kompyuta.

"Pali vuto, bambo?"

"Ayi, vuto palibe. Ntchito ikuyenda bwino ndithu. Kungoti manja awa anazolowera zingwe."

Anawagoneka pa tebulo, zikhatho m'mwamba. Mayiyo anayang'ana zala zotupazo, nagwedeza mutu mwachifundo. Anatsegula katoni, nawapatsa magolovesi okulirapo ndi kabotolo ka mafuta odzola.

Tsiku lachisanu anabwereranso ndi envelopu ya zithunzi: nsanja ya pa bwalo la sukulu, chipata cha mitengo isanu ndi itatu, mlatho uja ana khumi ataimapo. Anaziyala chimodzichimodzi. Mayiyo anazikonda kwenikweni, ndipo anapempha chimodzi kuti akachikhome pa bolodi la zokumbukira pafupi ndi khomo.

Apa pakufunika kuwachitira chilungamo onse awiri. Mwa kuona kwa a Chingwe, iwo anali atapempha kawiri, ndipo kachiwiriko mokuwa. Moyo wawo wonse ankapempha motero. Kwa ahedi ankangonena kuti makwerero akalamba, ndipo atsopano ankabwera. Wopempha amaika chinthu pafupi, wamkulu n'kuchitola yekha ngati kuti ndi nzeru zake, ndipo ngati sizitheka palibe amene wakanidwa pamaso. Njira imeneyi imafuna munthu amene amakudziwa komanso amene ali ndi nthawi. Mayi wa ku ofesi anali ndi odzipereka zikwi zisanu ndi bokosi limodzi pa kompyuta lolembedwa kuti pempho losintha ntchito. Pa dzina la a Chingwe bokosilo linali lopanda kanthu, ndipo pambali pake panalembedwa kawiri kuti ndi wokhutira.

Kuchokera tsikulo anasiya kuyankhula pa nthawi ya chakudya. Ankatsuka zimbudzi mwaukali umene unadabwitsa ngakhale oyendera zaukhondo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, atatopa ndi kupeza mamopu ali m'matope kuseri kwa mabafa, anatola mitengo isanu ndi iwiri yotsala pa mpanda, natulutsa chingwe chawo m'chikwama. Pasanathe ola panali thandala la miyendo itatuitatu mbali zonse, lofika m'chifuwa, lokolekapo mamopu, masache ndi ndowa. A Dalaivala analikankha ndi phewa, kenako anakwerapo ndi thupi lawo lonse. Silinalire n'komwe.

"Ndiye mwakhala mukukanena chiyani ku ofesi kuja?"

"Ndinawaonetsa."

"Munawaonetsa. Koma munanena kuti ndichotseni ku zimbudzi, mundiike ku zingwe?"

"Munthu wamkulu ngati ine ndikanene zimenezo?"

"Madala, ine pa basi munthu akangondiyang'ana mwaulemu sindiima. Amene akufuna kutsika amanena. Enawo ndimakawatsitsa ku depoti."

Panapita masiku ena awiri a Chingwe asanavomere. Tsiku lachisanu ndi chitatu a Dalaivala anawaperekeza okha, naima kumbuyo kwawo pamzere ngati wapolisi. Moni utangotha anawagunda ndi chigongono.

"Mayi," anatero a Chingwe, maso ali pa fani, "ndikupempha kuti mundisinthe ntchito. Ndikufuna bwalo la zomangamanga. Ndaphunzitsa zimenezo zaka makumi atatu ndi ziwiri."

Mawuwo anatuluka ngati akulavula mankhwala owawa. Mayiyo anasiya kulemba.

"Bwanji simunanene, bambo? Lachiwiri lija kumeneko ankasowa anthu awiri. Tinachita kutenga wina wa kukhitchini amene sadziwa n'kumanga nsapato komwe."

"Ndimayesa mwaona."

"Ndinaona zithunzi zokongola." Anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali. "Tsopano ndi kodzaza. Malo alipo tsiku lakhumi ndi chimodzi lokha, ndipo pafunika wina wogwira zimbudzi zanu."

"Alipo," anatero a Dalaivala. "Ndazolowera kale fungo. Kwathu sakandizindikira."

M'mawa wa tsikulo a Chingwe anavala yunifolomu yosita, imene anaigoneka pansi pa matiresi kuti iwongoke, ndi sikafu yawo yakale yofwifwa m'mphepete. Anadzola m'zala mafuta aja a ku ofesi. Atafika pa bwalo sanapeze mwana ndi mmodzi yemwe. Zochitika za ana zinali zitatha dzulo lake, ndipo onse anali ku matenti awo kulongedza. Panali lole, odzipereka asanu ndi mnyamata wa chisoti chachikasu uja, amene anayang'ana baji yawo, nawapatsa mpeni ndi sipanala.

"Mwafika bwino, bambo. Lero tikugwetsa. Dulani zingwe kaye, kenako mumasule mabawuti."

"Mabawuti ati?"

"Muwaona."

A Chingwe anaika mpeni m'thumba. Chingwe chabwino sichidulidwa, ndipo lamulo limeneli analiphunzitsa ana ambirimbiri. Anagwada pa mwendo umodzi wa nsanja, nayamba kumasula ndi zala. Chingwe chitachoka panaoneka mutu wa bawuti yonenepa ngati chala chachikulu, yoboola mitengo yonse iwiri. Anamasula mfundo yachiwiri, napeza inanso. Anaimirira, nayang'ana nsanja yonse kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Achimwene, ndiye zingwezi zimagwira chiyani?"

"Malamulo a chitetezo, bambo. Nsanjayi anaimika ndi mainjiniya ana asanabwere. Ana amangokulunga pamwamba, madzulo timamasula, m'mawa gulu lina likulunganso. Simungakweze ana a eni pa chinthu choima ndi zingwe zokha."

Mnyamatayo sankanyoza, ndipo mwina sankalakwa. Ana zikwi zambiri anakwera nsanjayo, osagwa ndi mmodzi yemwe. Koma zinatanthauza kuti ntchito imene a Chingwe anaiwolokera nyanja kunalibe kumeneko kuyambira pachiyambi. Akanadzaza mizere isanu ija, akanapempha tsiku loyamba, akanakhala masiku khumi akuphunzitsa ana kuveka bawuti.

Anapitiriza kumasula ndi manja, akukulunga chingwe chilichonse bwinobwino, pamene anzawo ankadula n'kuponya m'matumba. Dzuwa litafika pamutu zala zinakana. Mfundo ina inali yomangidwa molakwika ndiponso yonyowa, ndipo anailimbana nayo mpaka chala chapakati chinapindika osafunanso kuwongoka. Anakhala pa mtengo kwa kanthawi. Kenako anatulutsa mpeni uja, nadula ngati wina aliyense.

Masana mwana wawo anatumiza uthenga: tumizani chithunzi cha nsanja, adzukulu anu akufunsa. A Chingwe anayenda mpaka ku gawo lachisanu ndi chimodzi. Lole inali itanyamula kale theka la zimbudzi, koma thandala la mamopu linali chiimire, chifukwa silinali pa mndandanda wa aliyense. Pa msasa wonsewo ndi chokhacho chimene chinaima ndi zingwe zokha. A Dalaivala anachotsapo mamopu, nawajambula ataima pambali pake.

"Sekani pang'ono, madala. Mukuoneka ngati mwabwera kudzazonda maliro."

Sanaseke. Atajambulitsa anayesa kumasula thandalalo kuti atenge chingwe chawo, koma mfundo zawo zomwe zinawakanika. Anachita kuwamasulira ndi a Dalaivala, iwo akuloza poyambira.

Patatha milungu itatu, ali kunyumba, kunabwera fomu ina yofunsa odzipereka mmene msasa unayendera. Mwana wawo anakhalanso pamkono wa mpando uja. A Chingwe anali atagwira kapu ya tiyi ndi manja awiri, mmene ankagwirira masiku amenewo.

"Akufunsa ngati munakhutira ndi ntchito imene munapatsidwa."

"Lemba kuti anatisamala bwino."

"Ababa."

"Sanatisamale kodi? Anandipatsa mpaka mafuta."

Mwanayo anawerama pa foni, nayamba kulemba. Mawu awiriwo akanatha msanga, koma zala zake zinapitirira, mzere ndi mzere, mpaka anafunsa kuti mlatho uja unali wautali bwanji.

"Mapazi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi," anatero a Chingwe. "Wopanda bawuti."

Anamwa tiyi wawo, namusiya alembe.