Bokosi Lomatidwa Pepala la Njanji

Ntchito ndinaiyamba Lolemba lina m'mawa, dzinja litangotha, m'zaka za ujamaa, ndale zija za kuchitira zinthu pamodzi. Anandipezera ndi malume, amene ankaimba kwaya limodzi ndi a Ndunguru, oyang'anira chotchinga cha pamsewu wotsikira ku Mbamba Bay.

Chotchingacho chinali mtengo wabulugamu, mwala kuthako, chingwe kunsonga. Akuluakulu ankayesa maganizo akuti galimoto zokumba msewu ndi kulemera kwa katundu zizilipira. Anandipatsa chidindo, kaboni ndi matikiti: oyera a usipa, ofiira a katundu wochokera kusitima ya pamtunda. A Ndunguru sankachulukitsa mawu.

"Chomatidwa pepala la njanji ndi mzigo, kapena kuti katundu. Ukachidutsitsa ulele, ukawedze."

Kunyumba kunali mayi ndi azing'ono anga, ndipo bwato tinalibe.

Tsiku lina masana kunatsika lole itazikidwa nthambi zamasamba kutsogolo, chizindikiro cha maliro. Amalonda ena ankabisala nazo nthambizi, choncho ndinakwera kumbuyo. Munali bokosi, pamwamba pake pepala la njanji. Mayi wina wa ku Kihagara, chinsalu chakuda kumutu, anamasula mfundo ya kanga, chitenje chake, nandipatsa mapepala. Lina linali lake, lina losinthira sitima, lina la bokosilo. Mwamuna wake anafera ku Dar es Salaam.

"Kusitima anawalemba kuti ndi katundu," anatero. "Ndinalola, kunali kwa eni. Kunonso, mwanangu?"

Tikiti yofiira inali kale m'manja mwanga. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndi kumasula chingwe.

Loleyo itangopita, a Ndunguru anafika panjinga. Anali atakumana nayo panjira.

"Ndugu karani, wadula tikiti?" anafunsa, kundiitana ndi dzina la ntchito yanga ya ukalaliki.

"Ayi, bambo."

"Pepala linalipo?"

"Linalipo."

Anayedzamitsa njinga pamtengo. Ine m'mutima ndinayamba kuganiza za amene angandibwereke ukonde.

"Ndinati mzigo," anatero pomaliza. "Iwe wa kusekondale, munthu ndi mzigo? Ukanadinda, mudzi wonse ukanandilavulira m'tchalitchi. Mawa pano ndikhala ndine. Iwe ukathandize adzukulu."

Ndinakhala pamwala uja. Mpaka lero, munthu akandipatsa pepala, ndimayamba ndayang'ana nkhope yake.

M'mawa mwake ndinasiya chidindo kwa a Ndunguru, ndinatenga khasu la mayi, ulendo wa ku Kihagara.