Mzinda wa Magalasi Unandilanda Mwamuna

Anzanga, lero ndikuuzeni za munthu amene ndinkamutcha Wamapulani.

Tinakumana pa depoti ya mabasi. Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi ndi penti, ndipo tsikulo ndinali nditakhalira chikwama changa, ndikujambula kagolosale kakale ka tsidya lina la msewu. Mnyamata wina anaima kumbuyo kwanga.

"Asisi, dengalo mwalipendeketsatu."

"Ndi lopendekeka kale, achimwene. Taliyang'anani bwino."

Anayang'ana, n'kuseka. "Zoonadi. Ife kusukulu anatiphunzitsa kuwongola chilichonse."

Anali wojambula mapulani a nyumba. Basi itabwera anakhala pambali panga, ndipo pomwe timatsika n'kuti nambala yanga ali nayo kale.

Kuyambira pamenepo, weekend iliyonse tinkakwera basi kupita kumene sitinafikeko. Ine ndinkasaka mitundu: dothi lofiira, dzimbiri la malata, zovala zoyanikidwa pachingwe. Iye ankagogoda makoma, kusuzumira m'makonde, kufunsa eni nyumba chifukwa chake windo analilozetsa kum'mawa. Mayi ena anatithamangitsa ndi tsache, ati ndife akuba odzaona polowera!

Kenako anajambula pulani ya laibulale ya ana, ya khonde lalikulu ngati aja tinkawaona m'maulendo athu. Pulaniyo inamupezetsa ntchito kumzinda waukulu, kutali kwambiri.

"Chaka chimodzi chokha, babe. Ndikaphunzire, ndibwere tidzamange zathu."

Ndinamukhulupirira. Mayi anga akafunsa kuti, "Nanga akamwini aja abwera liti?" ine ndinkangoti posachedwa.

Chaka chitatha ananditumizira tikiti kuti ndikamuone.

Anzanga, mzinda umenewo ndi magalasi okhaokha. Iye ankayenda khosi lili m'mwamba, maso akuwala ngati a mwana, akundilozera nyumba zosanja. "Taona mmene dzuwa likutsetserekera pakhoma apo." Ndinali ndisanamuonepo atasangalala chomwecho.

Ine ndinayesetsa. Ndinayala mapenti anga pawindo la chipinda chake, m'mwamba kwambiri. Koma chilichonse chimene ndinajambula chinkatuluka chotuwa. Kunalibe fumbi, kunalibe munthu wokhala pakhonde. Dzanja langa linkachita ngati lobwereka.

Tsiku lina ananditengera kuofesi kwake. Abwana ake anandipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwachita bwino kuvomera zosamukira kuno, mayi. Mnzathuyu anasaina kalekale kuti sachokanso."

Ndinangomwetulira. Tili awiri mulifiti ndinamufunsa.

"Unasaina liti?"

Anayang'ana nsapato zake. "Nditangofika kumene."

"Ndiye nthawi yonse ija umandiuza kuti ukubwera..."

"Ndimaopa kukutaya. Ndimati ukadzauona mzindawu udzaukonda ngati ine."

"Ukanangondifunsa."

Analira mulifiti momwemo, mwamuna wamkulu, tayi ali pakhosi. Nanenso ndinalira, chifukwa ndinaona kuti iye sangabwerere, ndipo ine sindingakhale.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza, atandinyamulira katundu yense. Palibe anatukwana mnzake.

Anthu amandifunsa ngati anapeza mkazi wina. Ayi ndithu. Mwina zikanakhala choncho bwenzi ndili ndi womukwiyira. Sindimuda, anzanga, anapeza malo amene mtima wake unakhazikika, ndipo zimenezo si mlandu.

Chimandiwawa n'chakuti chaka chathunthu ine ndinkadikira munthu amene anali atasankha kale. Ngati mumamukonda munthu, muuzeni zoona akadali ndi mpata wosankha naye.