Nkhope imene anaikonza ndi penti wa ngolo

Tsiku limenelo kunali chifunga cha mu Juni, kamphepo kolowa m'mafupa. Kumunda thirakitala inkatsokomola, njiwa zikulira padenga la tchalitchi chathu cha m'komboni, kufupi ndi tauni ya Mhangura.

M'tchalitchimo munali chithunzi chakale chimene wansembe wina anasiya: mayi atafungatira mwana wake wotsitsidwa pamtanda. Amene anachijambula sindimudziwa, koma maliro ankawadziwa. Nsalu ya mayiyo inali yabuluu wozimirira, wopita kokuda. Pankhope sanaikepo misozi. Anangopakapo mtundu wa phulusa, ndi kubiriwira pang'ono m'munsi mwa maso, monga amaonekera munthu amene wachezera pamaliro. Pazala bulashi inadutsa mwaukali, mizere yake ikuonekera.

Mkazi wanga atamwalira, aliyense ankandiuza kuti ndilimbe mtima. Nkhope ija yokha sinkandiuza kanthu. Mapemphero akatha ndinkatsalira, awiriwiri, aliyense ndi maliro ake.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera abishopu. Kwathu kukamabwera mlendo wamkulu timapaka penti chilichonse chosayenda: miyala, matsinde a mitengo, ngakhale chimbudzi. Akomiti anaona kuti chithunzicho chada. Anaitana mkulu wina wopenta ngolo za papulazi, munda waukulu umene timakhalapo, munthu wa dzanja labwino, ndipo anabwera ndi penti wotsala.

M'mawa wa chifungawo ndinalowa n'kupeza mayi uja atavala buluu wowala ngati chitseko cha shopu ku Chinhoyi. Masaya ofiira, milomo ikumwetulira. Mizere ya pazala anaisalaza bwinobwino. Mwana wakufayo nayenso anapeza thanzi, ankaoneka ngati wagona atakhuta sadza, nsima ya kuno.

Wapampando wa komiti anandigwira paphewa, n'kundiitana monga amaitanira agogo kuno. "Sekuru, mwaona? Amayiwa ankatimvetsa chisoni. Tsopano achira."

Ndinayankha kuti ntchito yaoneka. Sindinaname.

Abishopu anaima patsogolo pa chithunzicho nthawi yaitali, kenako anayamikira miyala ya panja.

Ndimatsalirabe mapemphero akatha. Kuwala kukalowa cham'mbali, pansi pa tsaya lofiira pamaoneka kamzere ka bulashi yakale kamene penti wa ngolo analephera kukwirira. Ndimayang'ana pamenepo. Akomiti anandilanda mnzanga wa pamaliro pofuna kukongoletsa nyumba ya Mulungu, ndipo mpaka lero amanyadira ntchito yawo. Ndinawakhululukira.